PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MALAMULO A MANKHWALA A ZIWETO

Mwezi uno phunziro lathu liri la mankhwala amene timapatsa nkhuku, nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe zikadwala. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao nkhaniyi pabwalo, kusukulu ya kwacha kapena pamsonkhano wa kalabu ya alimi, pakuti ikhudza munthu ali yense, ngakhale amene alibe chiweto ndi chimodzi chomwe.

Ambiri a inu munaonapo zotere. Nkhuku zayamba kuodzera ndi kugwetsa mapiko. Mwini wache athamangira kumsika, nagula makapisozi, nawatsegula, nathira ufa wache m'madzi akumwa nkhukuzo. Wina ali ndi botolo la jakisoni limene anagula chaka chatha, ndipo ng'ombe ikangooneka yofooka iye abaya osafunsa munthu. Anthu otere sachita izi ndi mtima woipa ai. Afuna kupulumutsa chuma chao. Komabe maiko ambiri aika malamulo olimba oletsa kachitidwe kameneka. Tifotokoza chifukwa chache, ndipo tiona m'mene dziko limodzi, la Denmark, linachitira.

Mankhwalawa ndi otani?

Matenda ambiri amayamba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo tizirombo timeneti tiri mitundu-mitundu. Mtundu wina ndiwo mabakiteriya. Iwo amadzetsa kolera, taifodi, chifuwa chachikulu ndi zironda zamafinya mwa anthu. Mwa ziweto amadzetsa kutupa kwa bere la ng'ombe ndi kutsegula m'mimba kwa ana a nkhumba. Mtundu wina ndiwo mavairasi, amene amadzetsa chimfine ndi chikuku mwa anthu, chitopa mwa nkhuku, ndi chigodola mwa nkhumba.

Mankhwala amene tikunena pano ndiwo maantibayotiki, monga penicillin, amoxicillin ndi oxytetracycline. Nchito yao ndiyo kupha mabakiteriya kapena kuwaletsa kuswana. Mavairasi sawakhudza konse. Chifukwa chache munthu wopatsa makapisozi nkhuku za chitopa angotaya ndarama zache.

Penicillin anampeza Alexander Fleming ku London m'chaka cha 1928, ndipo anayamba kufala m'zipatala m'zaka za m'ma 1940. Kale mankhwalawa asanabwere, munthu amatha kufa ndi chironda chaching'ono, ndipo amai ambiri amafa ndi matenda olowa m'thupi atangobereka. M'chaka cha 1945 Fleming yemweyo anachenjeza kuti munthu akamwa penicillin wosakwanira, tizirombo tidzaphunzira kumpirira.

Mfundo yaikulu ndi iyi: mankhwala ambiri a ziweto ndi omwewo amene adokotala amapatsa anthu kuchipatala, kapena ndi apachibale ao. Ngati aleka kugwira nchito m'khola, angathe kulekanso kugwira nchito pakama wa chipatala.

Tizirombo timayamba bwanji kusamva mankhwala?

Taganizani za munthu wopalira mwaulesi. Udzu wofewa ufa, koma udzu wolimba wa mizu yozama utsala, ndipo popeza tsopano ulibe wolimbana nao, udzaza munda wonse. Ndi m'mene zimachitikira m'thupi la chiweto. M'matumbo a nkhuku imodzi muli mabakiteriya osawerengeka. Mankhwala akalowa, ofooka amafa. Owerengeka amene ali ndi mphamvu yopirira amatsala, naswana, nadzaza malo a anzao aja. Ndipo mankhwala akamabwera pang'ono-pang'ono masiku ambiri, opirirawo amapeza mpata waukulu koposa.

Kuswana kwao nkwamsanga zedi. Pamalo powakomera, mabakiteriya ena amagawikana pawiri pa mphindi 20 ziri zonse. Aphunzitsi angayese samu imeneyi ndi ana a sukulu: kamodzi kasanduka 2, kenaka 4, kenaka 8, ndipo pakutha maola 7 tapitirira 2,000,000. Choopsya china nchakuti mabakiteriya amatha kupatsirana mphamvu yopirirayo, ngakhale asali a mtundu umodzi. Kachirombo kosadwalitsa ka m'matumbo a nkhumba kangapatse mphamvu imeneyi kachirombo kodwalitsa munthu.

Akulu-akulu akumbukira za chloroquine. Kwa zaka zambiri anali mankhwala odalirika a malungo, koma tizirombo ta malungo tinapima, kotero kuti m'chaka cha 1993 dziko la Malawi linamleka ndi kuyamba Fansidar. M'chaka cha 2007 Fansidar naye analowedwa m'malo ndi LA. Kachirombo ka malungo si bakiteriya ai, koma njira yopimira ndi yomweyo. Pali chinanso chophunzira pamenepa. Patapita zaka chloroquine atachotsedwa, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizirombo ta malungo tayambanso kummva. Ndiko kunena kuti mankhwala akasamalidwa, nthawi zina mphamvu yao imabwerera.

Mankhwala m'zakudya za ziweto

Cha m'ma 1950 akatswiri awiri a ku America, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, anaona kuti anapiye odya chakudya chosakaniza ndi antibayotiki pang'ono akula msanga kuposa anzao. Mbiri inawanda. M'chaka cha 1951 boma la America linalola kuthira mankhwalawa m'zakudya za ziweto, ndipo maiko a ku Ulaya anatsatira. Kuyambira pamenepo nkhuku ndi nkhumba zosadwala konse zinayamba kudya mankhwala tsiku ndi tsiku, kuti zinenepe msanga ndi kuti zipirire m'makola othithikana.

Sipanapite nthawi yaitali mabvuto anaoneka. M'zaka za m'ma 1960 ku Britain kunabuka matenda a m'mimba mwa ana a ng'ombe, oyamba ndi kachirombo ka Salmonella kosamva mankhwala angapo, ndipo anthu naonso anadwala. Boma linasankha kabungwe kotsogozedwa ndi Michael Swann, ndipo m'chaka cha 1969 kabungweko kanalangiza kuti mankhwala ochizira anthu, monga penicillin ndi tetracycline, asamathiridwe m'zakudya pofuna kunenepetsa ziweto.

Ena anatsutsa, nati palibe umboni wakuti za m'khola zimafika kwa munthu. Dokotala wina wa ku America, Stuart Levy, anayesa nkhaniyi pafamu ina pafupi ndi mzinda wa Boston, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1976. Nkhuku zina anazipatsa chakudya cha oxytetracycline, zina ai. Pakutha sabata imodzi, pafupi-fupi mabakiteriya onse a m'matumbo a nkhuku zodya mankhwala anali osamva mankhwalawo. Pakutha miyezi 5 kapena 6, mabakiteriya otere anachuluka m'matumbo a banja losamala nkhukuzo kuposa mwa anansi ao, ngakhale a m'banjamo sanamwe mankhwala ali onse.

Kodi tizirombo timadutsa pati? Timadutsa m'zitosi ndi m'ndowe, m'manyowa othira kudimba, m'madzi a pachitsime chosatetezedwa, m'nyama yosapsya bwino, m'mkaka wosawiritsa, pamiyendo ya nchenche ndi m'manja osasamba. Kwathu kuno, kumene mwana amakwawa pabwalo lomwelo poyenda nkhuku, njira imeneyi ndi yaifupi ndithu.

M'mene anachitira a ku Denmark

Denmark ndi dziko la kumpoto kwa Ulaya, laling'ono kuposa Malawi, koma liri ndi nkhumba zambiri kuposa anthu, ndipo limagulitsa nyama ya nkhumba kumaiko ambiri. Alimi akumeneko amathira m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba mankhwala otchedwa avoparcin. Mankhwalawa sapatsidwa kwa anthu, koma ndi apachibale a vancomycin, amene adokotala amasungira odwala amene mankhwala ena onse alephera. Akatswiri, mmodzi wa iwo Frank Aarestrup, anapeza kuti m'mafamu ogwiritsa nchito avoparcin munadzala mabakiteriya osamva vancomycin.

Boma silinachedwe. Linachita zinthu izi motsatana.

Choyamba, m'chaka cha 1995 linaletsa avoparcin. M'chaka cha 1998 linaletsanso mankhwala ena onenepetsa otchedwa virginiamycin. Alimi eni ache anapangana kuleka mankhwala onse onenepetsa, kuyambira ndi nkhuku ndi nkhumba zazikulu m'chaka cha 1998, ndipo pofika 2000 anali ataleka ndi kwa ana a nkhumba omwe.

Chachiwiri, linaletsa madokotala a ziweto kupeza phindu pogulitsa maantibayotiki. Maganizo ache ndi osabvuta kumva: munthu amene alemera ndi kugulitsa mankhwala sangafulumire kukuuzani kuti chiweto chanu sichifuna mankhwala.

Chachitatu, linayamba kuwerenga. M'chaka cha 1995 linakhazikitsa nchito yotchedwa DANMAP, yoyesa chaka ndi chaka mabakiteriya a ziweto, a m'zakudya ndi a anthu. M'chaka cha 2000 linatsegula kaundula wotchedwa VetStat, m'mene mumalembedwa mankhwala opita kufamu iri yonse.

Chachinai, m'chaka cha 2010 linayamba kupereka khadi lachikasu, monga muja achitira woimbira mpira. Mlimi wa nkhumba wogwiritsa nchito mankhwala opitirira muyeso woikidwa ndi Boma amalandira chenjezo, napatsidwa miyezi 9 kuti achepetse. Akalephera, akulu-akulu oona za ziweto amamuyendera pafupi-pafupi, ndipo ndarama zolipirira maulendowo zimachokera m'thumba mwache.

Tisanene ngati zonse zinayenda mosabvuta. Ataleka mankhwala onenepetsa, ana a nkhumba ongoleka kuyamwa anayamba kutsegula m'mimba kawiri-kawiri, ena anafa, ndipo mankhwala ochizira odwala anakwera. Alimi anayenera kusintha kaweteredwe: kusiya ana ayamwe nthawi yotalikirapo, kuchepetsa nkhumba m'khola limodzi, kutsuka makola ndi kukonza zakudya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litafufuza, linanena m'chaka cha 2003 kuti maantibayotiki onse opatsidwa kwa ziweto ku Denmark anatsika kuposa theka pakati pa 1994 ndi 2001, ndi kuti mtengo wowetera nkhumba unakwera ndi gawo limodzi lokha pa 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Ulimi wa nkhumba sunagwe ai, unapitirira kukula. Ndipo mwa nkhuku, mabakiteriya a mtundu uja osamva avoparcin, amene m'chaka cha 1995 anali oposa 70 pa 100 ali onse, pofika 2000 sanafike ndi 6 pomwe.

Maiko ena

Dziko la Sweden ndilo linayamba kuletsa mankhwala onse onenepetsa ziweto, m'chaka cha 1986. Maiko onse a m'bungwe la European Union analetsa kuyambira pa 1 January 2006, ndipo kuyambira January 2022 lamulo lao liletsanso kupatsa ziweto maantibayotiki mwachizolowezi kapena pofuna kubisa uve wa m'khola. Ku America, kuyambira 2017, mankhwala ofunika kwa anthu saloledwanso ponenepetsa ziweto. Ku China, m'chaka cha 2015, ofufuza anapeza mwa nkhumba mabakiteriya osamva colistin, amene ali mankhwala otsiriza kwa odwala ena akayakaya, ndipo m'chaka cha 2017 dzikolo linaletsa kuthira colistin m'zakudya ponenepetsa ziweto. M'chaka chomwecho bungwe la WHO linalangiza maiko onse kuti aleke kupatsa ziweto zosadwala mankhwala ofunika kwa anthu.

Nanga kwathu kuno?

Wina angati, izi nza maiko olemera a makola akulu-akulu, ife tiri ndi nkhuku khumi zokha. Koma taonani. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupi-fupi 1,270,000 pa dziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zotere zinali zambiri koposa m'maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Si imfa zonsezi zochokera kuziweto ai; kumwa mankhwala mosasamala kwa anthu eni ache kuli ndi gawo lalikulu. Koma dziko lolemera lingagule mankhwala atsopano odula pamene akale alephera. Chipatala chathu chaching'ono cha kumudzi chimadalira mankhwala owerengeka otsika mtengo, ndipo amenewo akatha mphamvu, mwana wa chibayo alibenso kothawira.

Chifukwa chache Boma la Malawi linakonza ndondomeko yolimbana ndi bvutoli ya zaka za 2017 mpaka 2022, yophatikiza a zaumoyo, a zaulimi ndi a zachilengedwe. M'chaka cha 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, loyang'anira mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi anthu oyenera kuwagulitsa. Dipatimenti yoona za ziweto iri ndi alangizi m'madera mwanu. Koma mlangizi sangakhale pakhola liri lonse usiku ndi usana. Amene aima pakhola ndi botolo m'manja ndinu, ndipo lamulo ligwira nchito pokhapo inu mutalimvetsa.

Masiku odikira

Chiweto chikalandira mankhwala, ena amatsalira m'nyama, m'mkaka ndi m'mazira kwa masiku angapo. Opanga mankhwala amalemba pabotolo kapena papaketi masiku oyenera kudikira. Masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala. Mwachitsanzo, pali jakisoni wina wa oxytetracycline wokhalitsa m'thupi amene opanga ache analemba masiku 28 ng'ombe isanaphedwe, ndi masiku 4 mkaka wache usanamwedwe. Kuphika kapena kuwiritsa sikuchotsa mankhwala onse.

Achikumbe a ng'ombe za mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu ndi madera ena amene amasonkhanitsa mkaka pamodzi asamale kwambiri apa. Mkaka wa ng'ombe imodzi yobayidwa dzulo ungaononge thanki yonse ya gulu. Mkaka wotere sugwira bwino popanga chambiko kapena yogati, pakuti mankhwala aja amapha tizirombo tabwino tosasitsa mkaka. Ndiponso pali anthu ena amene thupi lao silimvana ndi penicillin, ndipo angadwale atamwa mkaka wotere. Chimodzi-modzinso munthu amene ng'ombe yache yalephera kuchira, naipha msanga-msanga nagulitsa nyama pamsika, agulitsa mankhwala pamodzi ndi nyamayo kwa anthu osadziwa kanthu.

Zoyenera kuchita mlimi ali yense

1. Chiweto chikadwala, itanani mlangizi wa ziweto musanagule mankhwala. Akulu anati safunsa anadya phula.

2. Musapatse ziweto mankhwala a anthu, ndipo inu musamwe a ziweto.

3. Gulani mankhwala kwa ogulitsa ololedwa okha. Onani kuti botolo liri ndi dzina, malangizo ndi tsiku lothera mphamvu. Mankhwala oyalidwa padzuwa pamsika, kapena othiridwa m'kabotolo kopanda dzina, asiyeni.

4. Perekani muyeso wolingana ndi kulemera kwa chiweto, kwa masiku onse amene mlangizi wanena. Musagawire mbuzi zitatu jakisoni wa mbuzi imodzi, ndipo musaleke pakati chifukwa chiweto chayamba kudya.

5. Musapatse maantibayotiki ziweto zosadwala, kaya pofuna kuzinenepetsa kaya poopa kuti zingadwale. Mapaketi ena a ufa wothira m'madzi a anapiye ali ndi mavitamini osakaniza ndi antibayotiki. Werengani bwino, kapena funsani.

6. Sungani masiku odikira. Lembani m'kabuku tsiku limene mwabaya, dzina la mankhwala, ndi tsiku limene mkaka, mazira kapena nyama zidzakhala zabwino.

7. Temerani nkhuku zanu katemera wa chitopa, wodontheza m'diso uja, miyezi 4 iri yonse. Chigodola cha nkhumba chiribe mankhwala: tsekerani nkhumba m'khola, musalole alendo kulowamo, ndipo chikabuka dziwitsani alangizi msanga.

8. Sesani makola, muzipereka madzi oyera, musathithikize ziweto, ndipo tsukani kapena poperani ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Chiweto chogula kumene chikhale pachokha sabata ziwiri kapena kuposerapo, ndipo chodwala chipatulidwe.

9. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kukhola ndi musanakame mkaka. Wiritsani mkaka, psyetsani nyama, ndipo manyowa aole bwino musanathire kudimba. Mabotolo otha ndi mankhwala otsala musataye m'madzi kapena pamene ana amasewera.

Tidziwa kuti zina mwa izi nzowawa. Kutaya mkaka wa masiku 4 ndi kutaya ndarama, ndipo mlangizi nthawi zina amakhala kutali pamene chiweto chiri pafupi kufa. Alimi a ku Denmark naonso anataya ana a nkhumba m'zaka zoyamba, koma anakonza makola ao napirira. Mafumu ndi makomiti a alimi angathandize pokonza masiku a katemera a mudzi wonse, posunga nambala ya foni ya mlangizi pamalo podziwika, ndi popangana kuti pamsika pao pasagulitsidwe nyama ya chiweto chimene chinali pamankhwala. Sabata ya pa 18 mpaka 24 November chaka chiri chonse maiko onse amakumbutsana za nkhani imeneyi. Ndi nthawi yabwino yoitanira mlangizi wa ziweto ndi wa zaumoyo kuti adzalankhule pamsonkhano umodzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi makapisozi amalepheranji kuchiza chitopa?

2. Tchulani njira zinai zimene tizirombo ta m'khola timafikira kwa munthu.

3. Kodi nchifukwa ninji boma la Denmark linaletsa madokotala a ziweto kupeza phindu pogulitsa mankhwala?

4. Ng'ombe yabayidwa pa 3 June ndi mankhwala ofuna masiku 28. Kodi ingaphedwe kuyambira tsiku liti?

5. Kodi m'mudzi mwanu anthu amagula kuti mankhwala a ziweto, ndipo amawalangiza ndani?

Aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu atitumizire mayankho a funso lachisanu kupyolera ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya m'boma lao, kuti tidzawapereke kwa akulu-akulu oona za ziweto.